Nkhokwe Yopanda Chitseko

7 Okutobala 2013

Okondedwa achimwene Ismael,

Salamu aleikumu. Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli moyo ndi mphamvu kumeneko ku Durban. Kuno tilipo, Alhamdulillah, kungoti dzuwa la chaka chino lafika poti ngakhale mbuzi zikukana kuchoka pansi pa mitengo ya mango. Amayi mwendo uja ukuwavutabe koma kumsika sakujomba, akuti akakhala pakhomo ndiye umapweteka kwambiri.

Ndikudziwa kuti mwayamba kale kuseka. Tausi amene amakhala pa kompyuta tsiku lonse ku kafe ya intaneti ya a Mapopa, Tausi amene amanyoza anthu olemba pamanja, lero watenga bolopeni ndi pepala ngati mwana wa Fomu 1. Sekani ndithu, koma musekere panokha. A Sulaiman, adalaivala a lole amene akupatsani envelopuyi, ndawauza kuti asaipereke kwa munthu wina, ndipo akakupezani muli ndi anthu adikire mpaka mutsale nokha. Inunso musaiwerengere pashopu. Ndili ndi mantha, achimwene, mantha oti ndikamva njinga yamoto yaima pakhomo ndimasiya chilichonse n'kukasuzumira. Ndikufuna mumve nkhaniyi kuyambira poyambira, chifukwa chimene chatseguka ndinu nokha mungachitseke.

Nkhani yake ndi ya gulu lathu la imelo, lija munayambitsa kuti ana a kudoko kwathu amene muli ku Joni, ku Lilongwe ndi ku Dar muzimva za kumudzi pa nthawi yake. Sindikulinyoza gululo, latithandiza. Kale uthenga wa maliro unkakupezani munthu ataikidwa ndi sadaka yomwe itadyedwa, pomwe tsopano umafika kwa onse tisanayambe ndi kusambitsa komwe. Ndi ine amene ndimalembera azimayi ogulitsa nsomba mauthenga awo akabwera ku kafe, ndiye ndikudziwa mmene amalikondera. Mukukumbukira kuti mauthenga onse akale munawasiya poyera, kuti ngakhale wopanda imelo azingotsegula tsambalo n'kuwerenga? Munalitcha nkhokwe yathu, ndipo munanyada nalo mwezi wonse ngati mwamanga mzikiti. Nkhokweyo munaimanga bwino, koma chitseko munaiwala.

Zinayamba ngati nthabwala. Cha m'nyengo yozizira anthu anayamba kulandira mauthenga a Chingerezi ochokera kwa anthu osawadziwa. A Binali, alembi a komiti ya mzikiti, anabwera ku kafe Lachiwiri atavala mkanjo wa Lachisanu, akuti awina mpikisano ku Spain, dziko limene sanalipondepo ngakhale kumaloto. Amayi Karima ogulitsa usipa anapezeka kuti ali ndi wachibale wolemera amene wamwalira ku Ghana. A Shehe sindinena zimene ankatsatsidwa. Anangondipatsa foni nkhope itayang'ana kukhoma, n'kunena chapansipansi kuti ndichotsemo zonyansazo. Tinaseka mpaka nthiti kuwawa.

A Mapopa okha ndi amene sanaseke. Anatiuza kuti kuli makina amene ntchito yake ndi kuyendayenda pa intaneti kutola adiresi iliyonse ya imelo imene yalembedwa poyera, kenako eni makinawo amagulitsa maadiresiwo kwa akuba ndi otsatsa malonda. Anati zili ngati aja amapha nsomba ndi neti ya udzudzu, sasankha, amakokolola ndi tiana tomwe. Pa tsamba lanu lija uthenga uliwonse uli ndi adiresi ya mwini wake pamwamba, yathunthu, ndipo pansi pake anthu athu amasaina monga tinaleredwera: dzina, mwana wa uje, mudzi wakuti, nambala ya foni. Ine ndinangoti palibe kanthu, tizingofufuta, zinyalala sizipha munthu. Ndinabwerera ku ntchito yanga yofotokopa ma setifiketi.

Tsopano khalani pansi, chifukwa ndafika pa Hasina. Inu mumadziwa kuti mng'ono wangayu anasemphana mawu ndi amuna ake a Tahir chaka chatha, n'kuchoka ku Durban kupita kwa azakhali ku Mangochi kuti mtima ukhale pansi. Ndi zimene tonse tinakuuzani. Ku Mangochi sanapondeko. Anafika kuno mwana wake Naima ali kumsana, mkono wamanja ataukulunga chitenje, ndipo nditamasula ndinapeza chilonda chooneka ngati ayironi, chifukwa inalidi ayironi. Sikanali koyamba. Dzino lija anakuuzani kuti linaguluka ndi fupa la nyama silinaguluke ndi fupa. A Tahir anali atamuuza kuti tsiku limene adzayese kuchoka adzamupeza kulikonse, mwana adzatenga, ndipo mwendo wothawira kachiwiri sadzakhala nawo. Hasina anandigwira miyendo kuti tisakuuzeni. Ankaopa kuti inu, poti ndinu ankhoswe a banjalo, muwakhazika pansi n'kunena kuti banja ndi kupirira. Ine ndinkaopa zina, kuti mukamva zoona mutola chitsulo, apolisi a kumeneko n'kukutsekerani, amayi n'kutaya ana awiri nthawi imodzi. Mtima wanu ndimaudziwa.

Amene anamulandira ndi Edina, mnzanga wa kusekondale amene amalima mpunga ku Chinguluwe. Ndi mkhristu, si wa kudoko, ndipo palibe amene akanaganiza zokafunsa kumeneko. Hasina anachira. Ananenepa pang'ono, anaphunzira kuwokera mpunga, ndipo tsiku lina ndinamumva akuseka kuseka kwake kuja kwa pakhosi, kumene sindinakumve chikwatiwire. Naima anayamba sukulu ya mkaka. Foni yakale Hasina anaitaya m'chimbudzi ndi simu khadi yomwe. Ine ndinamupezera kafoni kena n'kumutsegulira imelo yatsopano yoti azilandirira maoda a mpunga kuchokera kwa mayi wina wa lesitilanti ku Lilongwe. Adiresi imeneyo tinkaidziwa iyeyo, ine ndi mayi uja basi.

Kenako amalume anatisiya mu Ogasiti. Hasina sakanakhala osabwera, ndi iwo anamulera bambo atamwalira. Anabwera atafunda mpaka kumaso, atanyamula thumba la mpunga, anakhala kuseri ndi azimayi ophika osatulukira poyera, n'kubwerera tsiku lomwelo. Tinaganiza kuti tachenjera. Koma mwambo wathu mukuudziwa. Maliro akatha, mlembi amathokoza aliyense potchula dzina lake, chimene wabweretsa ndi kumene wachokera, chifukwa kusamutchula munthu kuli ngati kumuchotsa pa mtundu. A Binali analemba zonsezo pa foni yawo yatsopano ija, osasiyapo ndi mmodzi yemwe, n'kutumiza ku gulu. Pakati pa mainawo panali Hasina mwana wa malemu a Daudi, wochokera ku Chinguluwe kwa a Edina, thumba la mpunga. Nayenso Hasina ndi chisoni chake, atamva kuti anthu akulemba maduwa, mapemphero athu aja, anatumiza yake ku gululo ndi adiresi yatsopano ija, poti gulu lanu limalandira uthenga wa aliyense. Inali mizere iwiri yopempherera amalume kuti manda awo akhale otakasuka. Nditaziona ndinadzitonthoza kuti a Tahir si a kudoko kwathu ndipo m'gululo mulibe dzina lawo.

Sipanapite nthawi, adiresi ija inayamba kulandira zinyalala. Hasina anandiimbira foni. Mukudziwa mmene amalembera akubawo: wokondedwa wanga, ndakhala ndikukufunafuna, tsopano ndakupeza, yankha msanga. A Binali akawerenga zotere amapukuta magalasi n'kumwetulira. Mkazi amene anathawa samwetulira. Foni ikangolira, Hasina ankanyamula Naima n'kukakhala naye kuseri kwa chigayo mpaka Edina atapita kukamutenga. Ine ndinkamulimbitsa mtima kuti ndi makina chabe, amalembera aliyense, ngakhale a Shehe. Ndinanena mawu amenewo kambirimbiri mpaka ndinayamba kuwakhulupirira ndekha.

Koma china chinkandidya mumtima. Makinawo anaipeza kuti adiresi imene sitinapatse munthu? Malo amodzi okha ndi amene inalembedwa poyera. Ndinawafunsa a Mapopa, ndinachita kuwauza pang'ono za Hasina. Anakoka mpando, analemba dzina la Hasina ndi la bambo athu pamalo ofufuzira zinthu pa intaneti, n'kutembenuzira kompyutayo kwa ine. Choyamba kutuluka, pamwamba penipeni, chinali uthenga wa a Binali. Dzina, mudzi, dzina la Edina, zonse zili gwaa, ndipo pansi pake duwa ya Hasina ndi adiresi yake. A Mapopa anati chimene makina apeza, munthu wofunafuna akhoza kuchipeza mosavuta kuposa makinawo, chifukwa iye amadziwa dzina loti alembe.

Ndinawerenga tsamba lonselo, uthenga ndi uthenga, kuti ndione china chimene tinataya poyera. Pakati pa mapepeso ambirimbiri, amene nthawi ya maliro sindinathe kuwawerenga onse, ndinapeza wanu. Munalemba kuti: "Ndawapatsa alamu a Tahir linki ya nkhokwe yathu kuti nawonso awerenge za maliro a amalume, ali nafe limodzi pachisoni." Sindikukudzudzulani, achimwene. Munachita zimene mlamu wabwino amachita, ndipo simukanadziwa poti ife tinakubisirani. Ndikukhulupirira kuti dzina la Hasina simunalione n'komwe, chifukwa inu uthenga wautali mumawerenga mzere woyamba ndi womaliza basi, chiyambire ku pulayimale. Koma a Tahir sawerenga chonchi. Ndinalira pomwepo makasitomala akuona, mpaka a Mapopa anawauza kuti netiweki yavuta abwere mawa.

Ndinamuuza Hasina kuti asamuke, koma iye anati mpunga wake uli pafupi kucha, ndipo mwina a Tahir sanatsegule n'komwe tsambalo. Ndinamusiya, chifukwa nanenso ndinkafuna kuti zikhale choncho. Ndiye Lachitatu lapitali anangotulukira ku kafe masanasana pa kabaza, iye amene chaka chonse sanaponde m'tauni ya Salima, fumbi lili mbuu, Naima atamugwira dzanja. Sanapereke moni. Anangoika foni patebulo. Pakati pa za mipikisano ndi mankhwala panali uthenga umodzi wopanda dzina, adiresi yake manambala okhaokha, ndipo sunali wa Chingerezi. Mwauchitsiru wanga ndinauwerenga mokweza: "Naima wakula bwanji? Umuuze kuti bambo ake akubwera ndi nsapato za Idi. Ku Chinguluwe si kutali."

Pakamwa panga panayamba pokha kunena zija ndinazolowera, zoti ndi makina chabe. Hasina anandiyang'ana, maso ali ouma.

"Achemwali, makina anu aja amamudziwa Naima?"

Mwana uja anali pansi pa tebulo akusewera ndi mawaya, ndipo pa zonse zimene zinanenedwa anatolapo mawu amodzi okha, nsapato. Anatuluka pansipo akuvina, akufunsa ngati zidzakhale zofiira. Mayi ake anamunyamula n'kumukumbatira mwamphamvu mpaka mwana anadandaula kuti akumupweteka.

Tsiku lomwelo ine ndi a Mapopa tinayesa kutseka tsambalo tokha, koma limafuna mwini gulu, ndipo mwini gulu ndinu. Tinayesa kulota pasiwedi yanu. Tinalemba dzina la amayi, la timu yanu ya mpira, ngakhale la mtsikana uja wa ku Khombedza amene munalumbira kuti munamuiwala, zonse zinakana. Ndiye ndinakuimbirani. Mukukumbukira foni yachilendo ija ya Lachitatu madzulo, imene ndinangokamba za mango ndi za mwendo wa amayi n'kudula? Munaiika pa sipika monga mwa chizolowezi chanu, kuti shopu yonse imve kuti muli ndi mlongo wodziwa kompyuta. Ndisanatsegule pakamwa ndinamva mawu kumbuyo kwanu, mawu aulemu aja amene a Tahir anatinyenga nawo tonse pa nikaha, tsiku la ukwati wawo.

"Ndi alamu anga amenewo? Auzeni akonze chambo, Idi ya chaka chino tidyera limodzi."

Inu munaseka. Kuyambira pamenepo ndinadziwa kuti foni yanu, meseji kapena imelo sindingazikhulupirire, chifukwa foni yanu imayenda m'manja mwa aliyense pashopupo. N'chifukwa chake ndagwira bolopeni.

Kupolisi tinapita, anatilandira bwino, analemba zonse n'kutiuza kuti a Tahir akangoonekera tiwadziwitse. Ndinathokoza, koma mumtima ndinkawerenga mtunda wa pakati pa Chinguluwe ndi tauni, ndi liwiro la munthu amene wanyamula mwana pa njinga yamoto. Kenako ndinapita kwa a Binali kukawapempha kuti asadzatchulenso Hasina pa uthenga uliwonse. Poyamba anakwiya. Anati munthu wasenza thumba la mpunga kudzalira amalume ake, iwo amusiye ngati galu wobwera yekha pamaliro? Anati mwambo umenewu anaupeza ndipo adzausiya, ndipo ana a makompyutafe tikufuna anthu azikhala opanda maina. Nditawauza za ayironi anavula chisoti n'kuchiika pabondo.

"Mwana wanga, ine ndimafuna anthu adziwe kuti mtsikanayu sanawataye amalume ake."

Anandimvetsa chisoni, chifukwa ndi zoona, analemba mwachikondi. Analonjeza, ndipo ndikuwakhulupirira. Koma a Binali si okhawo olemba pa gulupo. Idi yayandikira, ikatha pali sadaka ya amalume, ndipo anthu athu moni sautha asanatchule amene amuona ndi kumene amuonera. Amayi Karima akangokumana naye pamsika uliwonse, tsiku lomwelo auza dziko lonse kuti ndamuona mwana wa a Daudi kwakuti, wanenepa, Mashallah. Adzatero ndi mtima woyera, ndipo munthu wina adzakhala pa kafe ku Durban kapena ku Lilongwe akuwerenga. Chakudza sichiimba ng'oma, koma ichi chaimba, ndipo tachimva tonse.

Hasina wachoka ku Chinguluwe. Mpunga wake wausiya m'munda, Edina adzakolola. Imelo ija taitseka, kafoni kaja taphwanya. Edina nayenso mtima suli m'malo, poti dzina lake lili pa tsamba lija, ndipo wauza anansi ake kuti mlendo aliyense wofunsa za mayi wa mwana mmodzi azimuyankha kuti sakumudziwa. Ine ku kafe ndasuntha tebulo langa kuti ndiziyang'ana kukhomo. Munthu aliyense wovala jekete ya ku Joni akatsika minibasi pa depoti, ndimasiya zimene ndikulemba mpaka nditaona nkhope yake.

Tsopano mverani pempho langa, monga a Mapopa andifotokozera. Mukangowerenga kalatayi pitani ku kafe ina ya kutali ndi shopu, nokha, musagwiritse ntchito foni yanu. Lowani monga mwini gulu ndipo musinthe nkhokwe ija kuti aziwerenga a m'gulu okha. Pali pena posankha kuti maadiresi a anthu asamaoneke athunthu, azingooneka zilembo zoyamba kenako timadontho, pamenepo musankhenso. A Mapopa akuti ena amangochotsa kachizindikiro ka pakati pa adiresi n'kulembapo mawu, koma makina a masiku ano anachenjera, amakabwezeretsa, ndiye musadalire zimenezo. Mufufute uthenga wa a Binali, duwa ya Hasina, ndi mayankho onse amene anakoka uthengawo pansi pake, wanu womwe. Musinthenso kuti uthenga uliwonse uzidikira kaye chilolezo usanafike kwa anthu, ndipo mundiike ine kukhala wothandizira wanu, kuti dzina la Hasina likaoneka ndizilichotsa. Munthu watsopano akapempha kulowa, musamulole pokhapokha mutamudziwa mayi ake ndi agogo ake. Mukatero mundilembere mawu amodzi okha, akuti zatheka, ndipo a Mapopa apempha eni malo ofufuzira aja kuti achotse zotsalira zimene anasunga kwawo. Akuti zimenezo zimatenga nthawi, ndiponso zimene makina anatola kale sizingabwerere. Zimenezo ndazivomereza. Chimene ndikufuna ndi chakuti kumene Hasina wapita tsopano kusadzalembedwe poyera.

A Tahir akadzakufunsani chifukwa chimene tsamba latsekedwera, muwauze kuti a Shehe adandaula ndi mauthenga onyansa ndipo a Binali anatsala pang'ono kuberedwa ndi a ku Spain. Simukhala mukunama.

Pempho lachiwiri ndi lovuta kuposa loyamba. Musawakhudze a Tahir. Ndikudziwa kuti pofika pano pepalali mwalifinya kale m'manja ndipo mukuyang'ana pamene pali sipanala. Ikani pansi. Mukawamenya adzadziwa kuti takuuzani, adzadziwa kuti uthenga wawo unafika ndipo unatiopsa, ndipo adzanyamuka tsiku lomwelo. Inu mudzakhala m'chitokosi cha dziko la eni, gulu lili chitsegukire. Apatseni moni monga kale. Mukaima nawo mzere umodzi ku mzikiti pa mapemphero a Juma, imani. Mukamva tsiku limene akwera basi, mundiimbire muli nokha n'kunena kuti katundu wanyamuka, ine ndidzamva. Za unkhoswe tidzakamba ndi akuluakulu Hasina akadzakhala pabwino, koma dziwani kuti kumeneko sabwererako, ngakhale mutabwera ndi mashehe a dziko lonse.

Mwaona kuti pamwamba pa kalatayi sindinalembe keyala, ndipo mwaona kuti sindinanene kumene Hasina ali. Si kuiwala. Ndalimbana nazo masiku onsewa, chifukwa chibadwire sindinakubisirenipo malo amene mwana wa amayi athu wagona, kupatula kuyambira chaka chatha. Koma inu simutha kunama, achimwene. Tili ana amayi ankangokuyang'anani kamodzi n'kudziwa amene wadya shuga, ngakhale wadya ndine, chifukwa nkhope yanu inkandiulula. A Tahir adzabwera kwa inu monga kwa ankhoswe, ndi ulemu wonse, mwina ndi misozi, adzakufunsani kumene kuli mkazi wawo ndi mwana wawo, ndipo adzakuuzani kuti mulumbire. Ndikufuna tsiku limenelo mudzawayang'ane m'maso n'kunena kuti Wallahi sindikudziwa, nkhope yanu n'kuvomereza. Mukandikwiyira ndikwiyireni, ndipirira. Bola mudzandikalipire Hasina ali moyo akumvetsera.

Amayi akupereka moni. Zonsezi akuzidziwa, ndipo chiyambire Lachitatu mikanda yopempherera ija, tasibihi, sichoka m'manja mwawo. Akuti ndikuuzeni kuti muzidya, chithunzi chija munatumiza mwaonda. A Mapopa akuti moni, ndipo akuti pasiwedi yanu ndi yolimba kuposa nkhokwe yanu. A Binali akupereka salamu, akuti muwakhululukire, ngakhale ndawauza kuti palibe chowakhululukira. Edina akuti mpunga wa Hasina akakolola akusungirani wanu. Mupereke moni kwa onse a kudoko amene muli nawo kumeneko, koma musanene kuti wachokera m'kalata.

Hasina akupereka moni. Ndinamuuza kuti ndikukulemberani zonse, ndipo sanakane. Anati ndikuuzeni kuti mpango wobiriwira uja munamugulira tsiku la nikaha ndi chinthu chokhacho chimene anatuluka nacho m'nyumba ija, ndipo ndi umene amavala poswali mapemphero ake. Akuti musadzimve mlandu chifukwa cha linki ija. Akuti akufuna kudzamvanso mawu anu, tsiku limene foni yanu idzakhale yanu nokha.

Naima sakupereka moni, ali kalikiliki kudikira nsapato. M'mawa uliwonse akumafunsa ngati Idi yafika, ndipo galimoto ikadutsa akumathamangira kumsewu kukaona ngati ndi bambo ake, mayi ake n'kumuthamangira pambuyo mtima uli m'mwamba. Sitingamuuze zoona, ndi mwana. Ndiye tembenuzani pepalali. Kuseriko ndajambula phazi lake, ndinamuimika papepala n'kuzunguliza bolopeni monga tinkachitira potumiza muyezo kwa bambo ali ku migodi. Chala chachikulu chapindika chifukwa ankaseka, akuti bolopeni imamugirigisha. Mumugulire nsapato zofiira, zokulirapo pang'ono, mupatse a Sulaiman pobwerera. Abweretse kwa ine ku kafe, ine ndikudziwa kopita nazo. Ndikufuna mwanayu avale nsapato za amalume ake, kuti asiye kuthamangira kumsewu.

Kalatayi mukawerenga muiwotche. Koma muyambe mwadula phazilo.

Allah akusungeni, atisungire ndi athu.

Ndine mlongo wanu,
Tausi